Mphaka wa Mawanga Atatu ndi Phunziro Limene Tikubisira Ana

Patchuthi chapitachi, atatu mwa ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tinapemphedwa kukathandiza ana a Fomu 4 kukonzekera mayeso pasukulu ina ya sekondale yoyendera, kufupi ndi Mzimba Boma. Anatipatsa Biology, mutu wa chibadwa. Tinachita monga momwe aphunzitsi athu anachitira ndi ife: kujambula bokosi la zipinda zinayi pabolodi, kulemba T wamkulu ndi t wamng'ono, kufotokoza za nsawawa za Gregor Mendel, kenako XX wa mkazi ndi XY wa mwamuna. Ana analemba, ife tinakhutira.

Belu litatsala pang'ono kulira, mtsikana wina wokhala kumbuyo anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, agogo anga amati mphaka wa mawanga atatu, akuda, oyera ndi achikasu, sakhala wamphongo. Kwathu cha ku Embangweni ndaonapo amphaka otere angapo, ndipo onse ndi aakazi. Nanga bokosi lanulo likuti chiyani?"

Tinayang'anana. Kenako mmodzi wa ife anati, "Zimenezo sizibwera pamayeso." Mtsikanayo anatsitsa dzanja n'kutseka kope lake. Mpaka tsiku lomwe tinatsanzika pasukulupo, sanafunsenso funso lina lililonse.

Yankho lija likutichititsabe manyazi. Agogo aja ananena zoona, ndipo chifukwa chake asayansi anachidziwa kalekale, makolo athu asanabadwe. Titabwerera kukoleji n'kuyamba kuwerenga, tinapeza kuti funso la mphaka lija limafika mpaka kuchipatala, kwa mayi woyembekezera ndiponso kwa mwana wodwala malungo. N'chifukwa chake tikunena poyera kuti kuphunzitsa mwana kuti majini ndi zilembo zimene amalandira kwa makolo basi, osamuuza kuti thupi limatsegula majini ena n'kutseka ena, ndi kumupatsa theka la choonadi. Ndipo theka limene tikusiyalo ndi limene likukhudza kwambiri moyo wa anthu a kwathu kuno.

Kukhala ndi buku si kuliwerenga

Aliyense amene anaphunzira sukulu ya kumudzi akuidziwa kabati ya mabuku ya mu ofesi ya ahedi. Mabuku onse alimo, koma amene akugwira ntchito lero ndi okhawo amene atulutsidwa. Ena angakhale mmenemo chaka chathunthu osatsegulidwa. Selo la munthu lili chimodzimodzi. Selo la khungu, la chiwindi ndi la ubongo ali ndi DNA yofanana, koma chiwindi sichimera tsitsi ndipo khungu siliganiza. Chowasiyanitsa ndi chakuti selo lililonse limatulutsa mabuku akeake m'kabatimo.

Kabati imeneyi ili ndi dzina. DNA ya m'selo limodzi, itatambasulidwa, ingatalike pafupifupi mamita 2, koma imakhala m'kaphata ka selo kotchedwa nyukiliyasi, kakang'ono kwambiri moti timaphata 100 titandandalikidwa pamzere sitingapitirire milimita imodzi. Kuti ikwanemo, DNA imakulungidwa pa timapuloteni totchedwa mahistoni, monga momwe munthu amakulungira luzi pa kamtengo. DNA yokulungidwa pamodzi ndi mapuloteni akeyi ndi imene imatchedwa kromatini. Pamene yakulungidwa momasuka, selo limatha kuwerenga jini imene ili pamenepo. Pamene yamangidwa kwambiri, jiniyo imangokhala chete, ngakhale ilibe vuto lililonse. Selo limaika tizizindikiro pa mahistoni ndi pa DNA yeniyeniyo, tina tosonyeza kuti "apa tsegulani", tina kuti "apa tsekani". Selo likamagawikana, maselo obadwawo amatengera zambiri mwa zizindikirozi.

Nanga kiyi amasunga ndani? Mbali ina ndi mapuloteni. Koma mbali ina ndi RNA, ndipo apa ndi pamene mabuku athu a kusekondale amathera. Tinaphunzitsidwa kuti RNA ndi mthenga: amakopera uthenga wa pa DNA n'kupita nawo kumalo kopangira mapuloteni. Izi n'zoona, koma si zonse. Mwa zilembo pafupifupi 3 biliyoni za DNA zimene timalandira kwa kholo lililonse, zimene zili ndi malangizo opangira mapuloteni sizikwana 2 pa 100 zilizonse. Majini opanga mapuloteni alipo pafupifupi 20,000 okha. Mu 1972 wasayansi Susumu Ohno anatchukitsa dzina lakuti "zinyalala" ponena za mbali yaikulu yotsalayo. Pambuyo pake zinadziwika kuti malo ambirimbiri a m'mbali imeneyi amakoperedwa n'kukhala RNA, koma RNA wake sapanga puloteni. Akatalika kupitirira zilembo 200, asayansi amamutcha long non-coding RNA, mwachidule lncRNA. Ena mwa ma RNA amenewa ntchito yawo ndi kulondolera mapuloteni otseka kapena otsegula kromatini pamalo oyenera.

Yankho la agogo

Nkhani ya lncRNA wodziwika bwino kuposa onse inayambira pa mphaka. Mu 1949, Murray Barr ndi wophunzira wake Ewart Bertram, ku University of Western Ontario m'dziko la Canada, ankayang'ana maselo a mitsempha ya amphaka pa maikulosikopu. Anaona kuti m'maphata a maselo a amphaka aakazi muli kadontho kakuda kamene mwa amphongo mulibe. Patapita zaka 10, Ohno yemwe uja anasonyeza kuti kadonthoko ndi kromozomu X imodzi yokhwinyata. Mu 1961 mayi wina wa ku England, Mary Lyon, amene ankafufuza za mbewa zazikazi za ubweya wa mawangamawanga, anamanga zonsezi pamodzi. Iye anati m'selo lililonse la nyama yaikazi yoyamwitsa, X imodzi imazimitsidwa mwana akadali kamluza m'mimba, ndipo selo limangosankha mwachisawawa, pena X ya kwa mayi, pena ya kwa bambo.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kromozomu X ya munthu ili ndi majini opanga mapuloteni pafupifupi 800, pamene Y ili ndi ochepa chabe. Mkazi ali ndi ma X awiri, mwamuna imodzi. Ma X onse awiri atati azigwira ntchito mokwanira, maselo a mkazi akanamapanga mapuloteni amenewa mowirikiza kawiri, ndipo muyezo ukapitirira chotere mluza sukula bwino.

Koma chozimitsa kromozomu yathunthu n'chiyani? Yankho linabwera mu 1991, pamene Carolyn Brown ndi Huntington Willard anapeza jini yachilendo pa X. Majini ena amawerengedwa pa X yogwira ntchito, koma iyi imawerengedwa pa X yozimitsidwayo. Anaitcha XIST. RNA wake ndi wautali zilembo pafupifupi 17,000, sapanga puloteni, ndipo satuluka m'phata la selo. Amafalikira pa kromozomu yomwe yamutulutsayo mpaka kuikuta yonse, monga momwe amayi amamatira nkhokwe ndi dothi. Akatero amaitana mapuloteni ena, limodzi mwa iwo lotchedwa SPEN, amene amachotsa zizindikiro za "tsegulani" n'kuika za "tsekani". Kromozomuyo imakhwinyata n'kukhala kadontho kaja kamene Barr anaona. Majini ena ochepa amapulumuka n'kumagwirabe ntchito, koma ambiri amakhala chete mpaka munthu atakalamba.

Tsopano tibwerere kwa mphaka. Jini imene imasankha ngati ubweya ukhale wachikasu kapena wakuda ili pa X. Mphaka wamkazi angalandire X ya chikasu kwa kholo lina, ndi X ya kuda kwa kholo linalo. Ali kamluza, maselo ena amazimitsa iyi, ena amazimitsa inayo, ndipo selo lililonse limabala gulu la maselo otsatira chisankho chake. Gulu lina limakhala banga lachikasu, lina banga lakuda. Mphaka wamphongo ali ndi X imodzi yokha, choncho amakhala ndi mtundu umodzi mwa iwiriyi. Mawanga oyera amachokera ku jini ina imene sili pa X. Wamphongo wa mawanga atatu amapezeka mwa apo ndi apo, kawirikawiri akabadwa ndi XXY, ndipo nthawi zambiri sabereka. Mu 2025 magulu awiri a asayansi, lina ku Stanford University ku America, lina ku Kyushu University ku Japan, anapeza gwero la chikasucho: kachidutswa ka DNA kamene kanasowa pa jini yotchedwa Arhgap36. Kachidutswako sikali pa mbali yopanga puloteni, kali pa mbali yolamula kuti jiniyo iwerengedwe kuti.

Choncho agogo a ku Embangweni, amene mwina sanagwirepo maikulosikopu, anaona ndi maso awo ntchito ya XIST. Ife a kukoleji ndi amene sitinadziwe.

Mkazi si wonyamula chabe

Wina angati, "Za amphaka zili ndi phindu lanji kwa mwana wa ku Mzimba?" Phindu lake ndi lakuti zimene zimaoneka pa ubweya wa mphaka zikuchitika m'thupi la mayi aliyense ndi mtsikana aliyense, kungoti sizioneka ndi maso.

Pophunzitsa matenda oyenda ndi kromozomu X timakonda kunena kuti mwamuna ndiye amadwala, mkazi amangonyamula. Pamayeso yankho limeneli limapatsa malikisi. Kuchipatala likhoza kusocheretsa. Chitsanzo chake ndi puloteni yotchedwa G6PD, imene imateteza maselo ofiira a magazi kuti asaphulike akakumana ndi mankhwala ena. Jini yake ili pa X, ndipo kuperewera kwa G6PD n'kofala m'mayiko a malungo, kuphatikizapo Malawi. Mu 1962 dokotala Ernest Beutler ndi anzake anasonyeza kuti mkazi amene X yake imodzi ili ndi vutoli amakhala ndi mitundu iwiri ya maselo ofiira m'magazi amodzi, ena olimba, ena osalimba. Kuchuluka kwake kumadalira chisankho chija cha ali kamluza. Mkazi wina angakhale ndi maselo olimba ambiri, osaona vuto moyo wake wonse. Mchemwali wake wa bere limodzi, wa majini omwewo a G6PD, angakhale ndi maselo osalimba ambiri n'kudwala ngati mwamuna.

Nkhaniyi inafikapo pakhomo pathu. Malawi anasiya kulolokwini mu 1993 n'kuyamba kugwiritsa ntchito SP, amene ambiri amamudziwa kuti Fansida, ndipo mu 2007 anasinthanso n'kuyamba LA. Pakati pa zaka zimenezi asayansi ankafunafuna mankhwala ena otsika mtengo. Amodzi mwa iwo anali Lapdap, amene anayesedwa pa ana ku Kenya ndi ku Malawi. Mu 2008 mankhwalawa anachotsedwa pamsika chifukwa anapezeka kuti ankaswa maselo ofiira mwa anthu operewera G6PD, n'kuwachititsa kuchepa magazi. Mankhwala ena a malungo otchedwa primaquine nawonso amafuna kusamala komweku, chimodzimodzi timibulu toyera tonunkha tija timene ena amaika m'masutikesi pothamangitsa njenjete. LA amene timalandira m'zipatala lero sali m'gulu limeneli, ndipo palibe chifukwa chomuopera. Mfundo yathu ndi yakuti namwino kapena dokotala wa mawa ali mu Fomu 4 lero. Tikamuloweza kuti mkazi amangonyamula, tamupatsa chinthu choti adzavutike kuchichotsa m'mutu.

Kachilombo kosintha malaya

Chimene chinatidzidzimutsa kwambiri n'chakuti mdani wathu wakale naye amadziwa kutseka ndi kutsegula majini. Palibe banja ku Mzimba, kuyambira ku Jenda mpaka ku Euthini, limene silidziwa malungo. Koma ndi angati amene anafunsapo kuti n'chifukwa chiyani chikuku munthu amadwala kamodzi, pamene malungo amabwera chaka ndi chaka?

Mbali ina ya yankho ili m'kromatini wa kachilombo ka malungo, Plasmodium falciparum. Kachilomboka kakalowa m'selo lofiira, kamatulutsa puloteni yomata pamwamba pa selolo, kuti likakamire m'mitsempha ing'onoing'ono lisakafike ku kapamba, kumene likanawonongedwa. Puloteni imeneyi chitetezo cha m'thupi chimatha kuiona n'kuiloweza. Koma kachilomboka kali ndi majini pafupifupi 60 a puloteniyi, otchedwa var, amene asayansi anawafotokoza mu 1995. Kamatsegula imodzi yokha panthawi, ina yonse n'kuimanga m'kromatini wothina, mothandizidwa ndi puloteni yotchedwa HP1, n'kuiunjika m'mphepete mwa phata la selo. Thupi likangoloweza malaya amene tizilomboti tavala, tina mwa ito timakhala titavala kale ena. Mwana amadwala kambirimbiri thupi lisanadziwe mitundu yokwanira.

Mu 2015 gulu la Ron Dzikowski ku Hebrew University ku Jerusalem linasonyeza kuti pa jini ya var imene ili yotsegula pamakhala lncRNA wokoperedwa chobwerera m'mbuyo kuchokera m'kati mwa jini yomweyo. Atachititsa kachilombo kupanga RNA wa jini ina yotsekedwa, jiniyo inatseguka. Atasokoneza RNA wa jini yotsegula, kachilomboko kanayamba kusintha malaya. Mu 2018 gulu la Till Voss ku Basel m'dziko la Switzerland linapeza zofanana pa nkhani ina. Kuti malungo achoke mwa munthu kupita mwa udzudzu, tizilombo tina timayenera kusanduka tatimuna ndi tatikazi. Puloteni yoyambitsa kusandukaku, GDV1, imachotsa HP1 pa jini imene inali yotsekedwa, ndipo GDV1 yomweyo imaletsedwa ndi lncRNA. Ndiye kuti ngakhale funso lakuti udzudzu woluma wodwala utenga matenda kapena ayi likukhudza RNA wosapanga puloteni.

Malaya ena ndi oopsa kuposa ena. Jini imodzi ya var, yotchedwa var2csa, imachititsa maselo ofiira kumata pa nsengwa, chiwalo chimene chimadyetsa mwana m'mimba. N'chifukwa chake mayi wa mimba yoyamba, ngakhale anakulira m'dera la malungo, amakhala pachiopsezo chachikulu: thupi lake silinakumanepo ndi malaya amenewa. N'chifukwa chakenso kusikelo amayi oyembekezera amapatsidwa SP ndi neti. Mitundu ina imamata m'mitsempha ya mu ubongo n'kuyambitsa malungo okomola ana. Zambiri zimene dziko lonse likudziwa za malungo amenewa zinaphunziridwa kuno kwathu, pachipatala cha Queen Elizabeth Central ku Blantyre, kumene Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anayamba kafukufuku m'zaka za m'ma 1980. Muyezo wa kukomoka kwa mwana umene madokotala amagwiritsa ntchito m'mayiko ambiri, wofalitsidwa mu 1989, umatchedwa ndi dzina la Blantyre. Mu 2015 ofufuza a pachipatala chomwecho anasonyeza ndi makina a MRI kuti ana ambiri omwalira ndi malungo amenewa amakhala atatupa ubongo kwambiri.

Odwala ndi ana athu, magazi opimidwa ndi a abale athu. Kodi n'chilungamo kuti mwana wa ku Mzimba atsirize sekondale asanamvepo kuti sayansi imeneyi ilipo, ndiponso kuti naye angadzaichite?

Tisapitirire pamene umboni wafika

Pano tiyenera kudzigwira, chifukwa nkhani yokoma imakopa munthu kuwonjezera mchere. Tamvapo anzathu akunena m'makambirano kuti sayansi yatsimikiza kuti mu DNA mulibe chilembo ngakhale chimodzi chopanda ntchito. Sizinatsimikizike choncho. Mu 2012 ntchito yaikulu yotchedwa ENCODE inalengeza kuti pafupifupi magawo 80 pa 100 a DNA ya munthu akuonetsa zochitika zina, koma asayansi ambiri anatsutsa kuti kukoperedwa kokha si umboni wakuti chinthu chili ndi ntchito. Anyezi amene amagulitsidwa pamsewu pa Jenda ali ndi DNA yochuluka pafupifupi kasanu kuposa ya munthu, ndipo amene akuti chilembo chilichonse n'chofunika ayenera kufotokozanso zimenezo.

Majini a lncRNA amene alembedwa mwa munthu ndi masauzande ambiri, koma amene ntchito yawo yatsimikizidwa bwino ngati XIST ndi ochepa. Mu 2007 John Rinn ndi Howard Chang anafotokoza lncRNA wotchedwa HOTAIR, amene m'maselo a khungu la munthu ankaoneka kuti akuthandiza kutseka majini a pa kromozomu ina. Patapita zaka, ofufuza ena anachotsa jini yofanana nayo mwa mbewa n'kupeza kusintha kochepa kwambiri. Mtsutso umenewu sunathe. Mu 2013 gulu la Jeanne Lawrence ku Massachusetts linaika XIST pa kromozomu 21 yowonjezera imene imayambitsa Down syndrome, ndipo inazimitsidwa. Koma izi zinachitika m'maselo a m'mbale ya m'labotale, si mankhwala amene munthu angalandire.

Tikutchula izi chifukwa m'misika ndi pa WhatsApp mwadzaza ogulitsa ufa ndi timadzi amene aphunzira mawu a sayansi. Mawa adzakuuzani kuti botolo lawo limazimitsa jini ya khansa. Munthu amene wamvetsa kuti kuzimitsa X imodzi kumafuna RNA wa zilembo 17,000 ndi gulu la mapuloteni, panthawi yake yeniyeni mwana ali kamluza, sangafulumire kutulutsa ndalama. Kudya bwino, kugona mokwanira ndi kupewa fodya ndi mowa n'zabwino pa zifukwa zodziwika kale, ndipo sizifunika kuzikometsa ndi malonjezo abodza. Wonena zoona sayenera kubwereka umboni umene kulibe, ngakhale mfundo imene akuiteteza ikhale yabwino chotani.

Zimene otsutsa anganene

Tinakambirana nkhaniyi ndi anzathu m'kalasi, ndipo si onse anagwirizana nafe. Wina anati silabasi ndi yodzaza kale, aphunzitsi a sayansi ndi ochepa, ndipo m'sukulu zambiri zoyendera mulibe labotale. Wina anati mwana wa mlimi akufuna satifiketi ya MSCE, osati nkhani za ku Stanford, ndipo mphunzitsi wotaya nthawi pa zimene MANEB safunsa akubera mwanayo tsogolo. Mfundo zimenezi n'zolemera, ndipo ife amene tinaphunzira ndi fizi yochokera ku fodya ndi chimanga cha makolo sitingazinyoze.

Koma taonani chimene tikupempha. Sitikunena kuti mwana aloweze SPEN ndi GDV1. Tikupempha phunziro limodzi la mphindi 40, lomwe mfundo yake ndi imodzi: selo lili ndi majini onse, koma limawerenga ena okha, ndipo pali zinthu zimene zimasankha. Phunziro limeneli silifuna labotale. Limafuna luzi, timitengo tingapo, kabati ya ahedi ndi mphaka wa m'mudzi. Ana angapatsidwe ntchito yowerenga amphaka a mawanga atatu a kwawo, n'kulemba kuti aamuna ndi angati, aakazi ndi angati. Akabweretsa ziwerengero zawo n'kuziphatikiza pabolodi, achita sayansi yeniyeni ndi manja awo, mwina koyamba.

Ndiponso phunziroli silichotsa kanthu pa mayeso. Mwana amene wamvetsa chifukwa chake X ndi yosiyana ndi Y sadzaiwala za XX ndi XY, pamene woloweza chabe amaiwala akangotuluka m'chipinda cha mayeso. Ndipo kwathu kuno, kumene mwana wamwamuna ndiye amasunga dzina la banja, tikudziwa amayi amene amanyozedwa chifukwa chobereka ana aakazi okhaokha, pamene X kapena Y wosankha zimenezi amachokera kwa bambo. Mwana amene wazimvetsa bwino akhoza kukazinena kunyumba mwaulemu, n'kupeputsa mtolo wa mayi ake.

Pali chinanso chimene otsutsa sanachitchule, koma ife tikuchidziwa mumtima. Tinati "sizibwera pamayeso" osati poteteza nthawi ya ana, koma pobisa umbuli wathu. Mphunzitsi amaopa kuoneka wosadziwa pamaso pa kalasi. Komatu mawu akuti "sindikudziwa, tiyeni tikafufuze" amamuphunzitsa mwana kuti funso lake ndi lamtengo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ife tinatenga mwana wofunsa n'kumuphunzitsa kukhala chete.

Pempho lathu

Kwa anzathu amene tikukonzekera kugwira choko: tisamalize maphunziro athu tikudziwa Biology yokhayo imene tinalembera mayeso. Laibulale ilipo, ndipo pa intaneti pali mabuku a sayansi aulere. Tiyeni tiwerenge kupitirira silabasi, kuti tsiku limene dzanja lidzakwere kumbuyo kwa kalasi tisadzathawire ku MANEB.

Kwa aphunzitsi athu a pakoleji: tipatseni mpata woyeserera kufotokoza zinthu zovuta ngati izi m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. Polemba nkhani ino tavutika kupeza mawu, ndipo taona kuti chimene sungathe kuchifotokozera agogo ako sunachimvetse.

Kwa a Malawi Institute of Education ku Domasi, amene amakonza silabasi: pamene mukuunikanso mutu wa chibadwa, ganizirani ndime imodzi yonena za kutsegula ndi kutseka majini, ndipo zitsanzo zake zikhale mphaka, G6PD ndi malungo, zinthu zimene mwana wa ku Malawi amazidziwa.

Kwa makolo ndi akulu a mpingo: mwana akabwera ndi funso lachilendo lochokera kusukulu, musamuthamangitse. Ndipo inu agogo, pitirizani kuuza adzukulu zimene mwaona pa ziweto ndi m'munda, chifukwa zina mwa izo ndi zimene ophunzira amapita nazo kutali.

Ife atatu tagwirizana kuti patchuthi chikubwerachi tidzakwera basi ya ku Mzimba n'kukapempha ahedi a pasukulu ija kuti atilole kuphunzitsa phunziro limodzi. Mtsikana uja adzakhala atalemba kale mayeso ake n'kuchoka, choncho talemba kalata ya masamba awiri yoti aphunzitsi ake akamupatse. Chiganizo choyamba cha kalatayo chikuti agogo ake ananena zoona, ndipo ife tinalakwa.